Msambo wa mtsikana ukamasokonekera: zoyenera kuchita pakhomo ndi kuchipatala

Mtsikana wa zaka 15 akatha miyezi itatu osasamba, m'makomo ambiri funso limene limabwera koyamba ndi lakuti mimbayo ndi ya ndani. Azakhali amaitanidwa, mwana amakhazikidwa pansi, ndipo nthawi zina amakalipiridwa asanayezedwe n'komwe. Kuganizira za mimba sikulakwa, chifukwa ngakhale kuchipatala amayambira pomwepo. Cholakwika ndi chakuti akapezeka kuti alibe pakati, aliyense amapumira m'mwamba n'kuiwala nkhaniyo, pamene chimene chaimitsa msambo chikadali m'thupi. Malangizo awa ndi a makolo, azakhali, aphunzitsi ndi atsikana eni ake, ndipo akufotokoza mmene mungasiyanitsire kusokonekera kwa msambo kumene kumatha kokha ndi kumene kukufunika dokotala, makamaka vuto la mahomoni lotchedwa polycystic ovary syndrome, limene mwachidule amati PCOS.

Chifukwa chake msambo umasinthasintha m'zaka zoyambirira

Lamulo loti mtsikana asambe limachokera mu ubongo. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary, kamene kamatulutsa mahomoni awiri, FSH ndi LH. Mahomoni ndi timadzi timene thupi limapanga n'kutumiza m'magazi kuti tikauze chiwalo china chochita. Mahomoni awiriwa akafika ku matumba a mazira, dzira limodzi limakhwima, ndipo homoni ya estrogen imachititsa kuti khoma la m'kati mwa chiberekero likule pokonzekera kulandira mimba. Dzira likatuluka, thupi limapanga homoni ina, progesterone, imene imasunga khomalo kwa masiku pafupifupi 14. Ngati mimba sinachitike, progesterone imatsika, khoma lija limayoyoka n'kutuluka ngati magazi. Choncho chimene chimachititsa kuti msambo uzibwera pa nthawi yake ndi kutuluka kwa dzira. Mwezi umene dzira silinatuluke, msambo ungachedwe kwambiri, ungabwere ngati timadontho, kapena ungabwere wochuluka mosalekeza.

Mtsikana akangotha msinkhu, mgwirizano wa ubongo ndi matumba a mazira umakhala usanakhazikike, ndipo miyezi yambiri imadutsa dzira osatuluka. N'chifukwa chake m'chaka choyamba madokotala saona kusinthasintha kwa msambo ngati matenda, pokhapokha ngati magazi akuchuluka modetsa nkhawa. Kufunika kwa mfundo imeneyi n'kwakuti funso loyenera kufunsa si lakuti mtsikanayo ali ndi zaka zingati zokha, koma lakuti papita nthawi yaitali bwanji chiyambireni kusamba. Atsikana awiri a zaka 16 angakhale ndi msambo wosokonekera mofanana, koma amene anayamba kusamba chaka chatha angadikire, pamene amene anayamba ali ndi zaka 12 ayenera kuonedwa.

Yambani ndi kulemba masiku

Chinthu choyamba chimene muyenera kuchita sichifuna ndalama. Pezani kakope kapena kalendala, ndipo mtsikanayo azilemba yekha tsiku limene wayamba kusamba ndi tsiku limene watsiriza. Tsiku loyamba ndi limene waona magazi enieni, osati timadontho ta bulauni timene nthawi zina timatsogola. Kutalika kwa mwezi wake kumawerengedwa kuyambira tsiku loyamba la msambo umodzi kufikira tsiku loyamba la msambo wotsatira, osati kuyambira tsiku limene watsiriza, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mwachitsanzo, amene anayamba pa 3 Marichi n'kudzayambanso pa 5 Epulo, mwezi wake ndi wa masiku 33, ndipo palibe chodetsa nkhawa ngakhale kuti tsiku la pa kalendala lasuntha. Chiwerengero cha masiku 28 chimene chimaphunzitsidwa kusukulu ndi chapakatikati chabe, si lamulo la mkazi aliyense.

Pambali pa masikuwo azilembanso kuti wasintha mapadi kapena nyanda kangati pa tsiku, ngati munali zibulumwa za magazi, ngati ululu unamulepheretsa kupita kusukulu, ndiponso ngati pa nthawiyo anadwala, anali pa mayeso, kapena panagwa vuto pakhomo. Amene ali ndi foni angagwiritse ntchito mapulogalamu olembamo msambo, koma asamakhulupirire masiku amene pulogalamuyo ikulosera kuti sangatenge mimba, chifukwa kulosera kumeneko sikugwira ntchito kwa munthu amene msambo wake sunakhazikike. Kakopeko ndi ka mtsikanayo, ndipo kholo limene limakatsegula mozemba kuti lifufuze khalidwe lake lidzapeza kuti wasiya kulembamo zoona.

Mukakhala ndi masiku a miyezi itatu kapena kuposerapo, yerekezerani ndi malire amene akatswiri anagwirizana m'malangizo a dziko lonse okhudza PCOS, amene anakonzedwanso mu 2023 motsogozedwa ndi yunivesite ya Monash ku Australia. Kuyambira pamene patha chaka chimodzi mpaka zaka zitatu chiyambireni kusamba, msambo umaonedwa kuti ndi wosokonekera ngati ukubwera masiku 21 asanakwane kapena ukupitirira masiku 45. Zaka zitatu zikadutsa, malirewo amafupika n'kukhala masiku 21 mpaka 35, ndipo kusamba kosakwana ka 8 pa chaka kumawerengedwanso ngati vuto. Mtsikana aliyense amene watha chaka chiyambireni kusamba, akakhala masiku oposa 90 osasamba ngakhale kamodzi kokha, ayenera kuonedwa. Amene wafika zaka 15 asanasambepo, kapena patha zaka zitatu chimerereni mawere koma msambo osabwera, nayenso apite kuchipatala m'malo mouzidwa kuti ndi wokula mochedwa basi.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kakope. Mtsikana amene akunyowetsa padi pa ola lililonse kapena maola awiri alionse, amene akusamba kupitirira sabata, amene akuchita chizungulire, akupuma mobanika akayenda pang'ono, kapena m'maso ndi m'manja mwayera, apite tsiku lomwelo, chifukwa kuchepa kwa magazi kumafooketsa msanga. Amene wadumphitsa msambo kenako n'kumva ululu woopsa mbali imodzi ya pansi pa mchombo athamangire kuchipatala ngakhale usiku, popeza mimba yokhala kunja kwa chiberekero imayamba choncho. Chimodzimodzinso ngati tsitsi la kumaso ndi pathupi lachuluka m'miyezi yochepa chabe, mawu n'kuyamba kukula ngati a mwamuna, chifukwa PCOS sichita zinthu mwaliwiro chotero ndipo dokotala ayenera kufufuza ngati pali chotupa chimene chikutulutsa mahomoni.

Kuyeza mimba, ndi zina zimene ziyenera kuchotsedwa kaye

Kuyeza mimba kuchitike mwaulemu. Mayi angathe kunena kuti, "Mwanangu, kuchipatala amayeza aliyense amene wadumphitsa, tiyeni tiyambire pomwepo kuti tidziwe kolowera," ndipo mawu otere amatsegula pakamwa pa mwana kusiyana ndi kumuzungulira anthu asanu. Kachipangizo koyezera mkodzo kamapezeka m'zipatala ndi m'mafamase, ndipo mkodzo woyamba wa m'mawa ndi umene umaonetsa bwino. Ngati mimba yapezeka, ayambe sikelo msanga, ndipo wina amene amamukhulupirira amufunse payekha ngati anakakamizidwa.

Ngati mimba palibe, ganizirani zinthu zimene zasintha pa moyo wa mtsikanayo. Kuonda kwambiri kumaimitsa msambo, kaya kwabwera chifukwa cha kusowa kwa chakudya, kudzimana dala pofuna thupi laling'ono, masewera olemetsa, kapena matenda a nthawi yaitali monga TB ndi HIV yosalandirira mankhwala. Nkhawa yaikulu imachitanso chimodzimodzi, ndipo si zachilendo kuti mtsikana adumphitse pamene wangoyamba sukulu yogonera komweko kapena pamene mayeso a Fomu 4 ayandikira. Jakisoni wolera wa Depo ndiponso tizipangizo ta pamkono monga Jadelle ndi Implanon timasintha msambo, nthawi zina n'kuuimitsiratu, ndipo mtsikana amene akugwiritsa ntchito njirazi ayenera kupatsidwa mpata wouza dokotala makolo atatuluka panja. Matenda a chithokomiro ndiponso kuchuluka kwa homoni ya prolactin, kumene nthawi zina kumachititsa kuti mawere azituluka mkaka popanda mwana, nazonso zimasokoneza msambo. Mankhwala ena a matenda a maganizo amakweza prolactin, ndipo mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate amadziwika kuti amabweretsa zizindikiro za PCOS mwa atsikana ena. Mankhwala amenewa asasiyidwe mwadzidzidzi, koma dokotala amene anawalemba auzidwe. Kwa atsikana a m'mphepete mwa nyanja ndi m'madera a mpunga, magazi otuluka pakati pa misambo angakhale a likodzo limene lafika kumaliseche, ndipo lili ndi mankhwala ake.

Chinthu china chimene makolo sachiganizira ndi mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol kapena betamethasone, ndipo akadzoledwa thupi lonse kwa miyezi yambiri amalowa m'magazi n'kubweretsa ziphuphu, tsitsi la kumaso, mikwingwirima pakhungu, kunenepa kwa nkhope ndi kusokonekera kwa msambo. Botolo kapena chubu chake chitengedwe popita kuchipatala.

Mmene PCOS imaonekera

Vutoli linafotokozedwa mu 1935 ndi madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, ndipo mu 2025 bungwe la World Health Organization linati limakhudza amayi 6 mpaka 13 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka, ambiri mwa iwo osadziwa. Silipatsirana, silibwera chifukwa chogona ndi mwamuna, ndipo limayenda m'magazi a ku mtundu, moti nthawi zambiri mukafunsa mupeza kuti mayi, mchemwali kapena azakhali anavutikapo ndi msambo, ali ndi tsitsi pachibwano, kapena m'banjamo muli matenda a shuga.

Thupi la mkazi aliyense limapanga pang'ono mahomoni amene amachuluka mwa amuna, monga testosterone. Mwa mtsikana wa PCOS mahomoni amenewa amapitirira muyeso, ndipo m'matumba a mazira mumayamba kukula timazira tambiri nthawi imodzi popanda limodzi lofika pokhwima, monga mmene chimanga chochuluka m'phando limodzi chimaphukira chonse koma osabereka. Timazira tosakhwimato ndi timene timaoneka pa sikani ngati timadontho takuda tondondozana. Si zotupa, si khansa, ndipo sitifunika opaleshoni, ngakhale kuti anthu ambiri amene auzidwa kuti ali ndi ma cyst amabwerera kunyumba akuganiza kuti m'mimba mwawo muli chinthu chofunika kuchotsa.

Mbali ina ya vutoli ndi homoni ya insulin, imene ntchito yake ndi kulowetsa shuga wa m'magazi m'minofu. Mwa atsikana ambiri a PCOS thupi silimvera bwino insulin, choncho limapanga yochuluka, ndipo insulin yochulukayo imakankha matumba a mazira kuti apange testosterone yambiri, komanso imachititsa chiwindi kuchepetsa puloteni imene imamanga testosterone kuti isagwire ntchito. Apa ndi pamene pamachokera kunenepa kosavuta kubwera koma kovuta kuchoka, makamaka m'mimba, komanso khungu lakuda lokhuthala kumbuyo kwa khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Atsikana ambiri amadzudzulidwa kuti sasamba m'khosi, ndipo amadzikhula ndi chinkhupule mpaka kutupa, pamene kudako si litsiro ndipo sikuchoka ndi sopo. Komabe dziwani kuti mtsikana wochepa thupi angakhalenso ndi PCOS, ndipo wonenepa aliyense sikuti ali nayo.

Tsitsi limene madokotala amayang'ana ndi lokhuthala, lolimba, lomera malo amene limamera amuna: pachibwano, pamwamba pa mlomo, pakati pa mawere, mumzere wotsika kuchokera pa mchombo, m'ntchafu ndi kumsana. Ubweya wofewa wa m'mikono ndi m'miyendo suwerengedwa. Ziphuphu nazo ndi za pafupifupi wachinyamata aliyense, choncho zimene zimaganiziridwa ndi zikuluzikulu, zopweteka, zosiya zipsera ndiponso zosamva mankhwala wamba.

Popita kuchipatala

Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena pa chipatala cha boma cha m'boma lanu, ndipo funsani ngati pali tsiku kapena chipinda chothandizira achinyamata. Zipatala za Banja La Mtsogolo ndi za bungwe la zakulera la Family Planning Association of Malawi (FPAM) zimathandizanso pa nkhani za msambo. Ngati pakufunika katswiri wa matenda a amayi, adzakutumizani ku zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Tengani kakope ka masiku, buku la kuchipatala, ndi mankhwala onse amene mtsikanayo akumwa kapena kudzola, kuphatikizapo azitsamba. Ngati amameta kapena kuzula tsitsi la kumaso, anene poyera, chifukwa dokotala sangaone chimene chametedwa m'mawa womwewo.

Kwa munthu wamkulu, madokotala amatsatira mfundo zimene anagwirizana ku Rotterdam mu 2003, zakuti pakhale zinthu ziwiri mwa zitatu: msambo wosokonekera, zizindikiro za kuchuluka kwa mahomoni achimuna, ndi maonekedwe a timazira tambiri pa sikani. Kwa mtsikana lamulo ndi lokhwima kuposa pamenepo. Payenera kukhala zonse ziwiri zoyambazo, msambo wosokonekera molingana ndi zaka zimene wakhala akusamba komanso kuchuluka kwa mahomoni achimuna koonekera pathupi kapena m'magazi, ndipo matenda ena ofanana nayo akhale atachotsedwa. Sikani siyenera kugwiritsidwa ntchito popezera PCOS mpaka patatha zaka 8 chiyambireni kusamba, chifukwa atsikana ambiri abwinobwino amakhala ndi timazira tambiri pa msinkhu umenewu. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira, popeza makina a sikani ali ponseponse m'zipatala zolipira, ndipo n'kosavuta kuti banja liwononge ndalama n'kubwerako ndi dzina la matenda limene mwanayo alibe. Sikani ili ndi malo ake ngati pali ululu, chotupa chomveka pogwira, kapena mtsikana sanasambepo, koma kuona timazira tokha si umboni.

Ndalama zikakhala zochepa, funsani dokotala kuti ayambe ndi zoyeza zofunika kwambiri. Kuyeza mimba, kuchuluka kwa magazi, BP, sikelo ndi msinkhu zimatheka pafupifupi paliponse. Zoyeza za mahomoni, monga TSH ya chithokomiro, prolactin, testosterone, ndi 17-hydroxyprogesterone imene imaonetsa vuto lobadwa nalo la tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, zimapezeka kwambiri m'zipatala zikuluzikulu ndi m'malabu olipira. Magazi oyezera testosterone atengedwe mtsikana asanayambe mapiritsi olera, chifukwa mapiritsiwo amasintha zotsatira, ndipo amene wayamba kale amafunika kuwasiya kwa miyezi itatu kuti zotsatira zikhale zodalirika. Shuga ayezedwenso. Njira imene imaonetsa bwino ndi yomwa madzi a magalamu 75 a shuga munthu asanadye kanthu n'kuyezedwanso patatha maola awiri, koma pamene siipezeka, kuyeza shuga wa m'mawa munthu asanadye kumathandizabe.

Zingachitike kuti dokotala anene kuti mtsikanayo ali ndi chizindikiro chimodzi chokha, choncho sakutsimikiza koma amuika m'gulu la amene angadzapezeke ndi PCOS. Yankho limeneli si kuzemba ntchito. Ndi loona kuposa dzina loperekedwa mofulumira, ndipo silimuletsa kulandira chithandizo cha zimene zikumuvutitsa panopa.

Mankhwala, ndi nkhani yovuta ya mapiritsi olera

PCOS ilibe mankhwala oichotseratu, koma chizindikiro chilichonse chili ndi chithandizo chake. Mankhwala oyamba amene madokotala amalemba pofuna kukonza msambo, kuchepetsa ziphuphu ndi tsitsi ndi mapiritsi olera a mahomoni awiri, monga Microgynon amene amapezeka m'zipatala za boma. Apa ndi pamene makolo ambiri amabwerera m'mbuyo, poopa kuti mwana wapatsidwa chilolezo cha chiwerewere kapena kuti adzauma. Nkhawa yoyambayo ndi ya kulera mwana ndipo imathetsedwa ndi kukambirana naye, osati ndi kumumana mankhwala. Yachiwiriyo ilibe maziko, chifukwa mapiritsi saunjikana m'mimba ndipo sachititsa kusabereka. Munthu akawasiya thupi limabwerera mmene linalili, kutanthauza kuti msambo ukasokonekeranso, ndi PCOS yomwe ija imene yaonekeranso, osati kuti mapiritsi awononga kanthu.

Mapiritsiwa si a aliyense. Mtsikana amene amadwala mutu waching'alang'ala wotsogozedwa ndi kuona kuthwanima kapena dzanzi, amene ali ndi BP yokwera, kapena amene magazi anaundanapo m'mitsempha, anene asanalandire. Mankhwala a TB a rifampicin, mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine, ndiponso ma ARV okhala ndi efavirenz amachepetsa mphamvu ya mapiritsiwa, pamene ma ARV a dolutegravir amene ambiri akumwa masiku ano salimbana nawo. M'miyezi itatu yoyamba pangakhale mseru, kupweteka kwa mawere ndi timadontho ta magazi, zimene nthawi zambiri zimatha zokha. Msambo umakhazikika msanga, ziphuphu zimachepa pakatha miyezi ingapo, koma tsitsi limafuna miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo ambiri amasiya pa mwezi wachiwiri poganiza kuti mankhwala sakugwira.

Banja limene lakanitsitsa mapiritsi olera lisachoke chimanjamanja, chifukwa kukhala miyezi yambiri osasamba kuli ndi vuto lake. Sikuti magazi oipa akuunjikana m'mimba monga mmene ena amanenera, koma khoma la chiberekero limapitiriza kukula popanda progesterone yoliyoyola, ndipo zikatero kwa zaka zambiri chiopsezo cha khansa ya khoma la chiberekero chimakwera munthu akadzakula, ngakhale kuti ambiri sadzadwala. Dokotala angalembe mapiritsi a progesterone okha, monga medroxyprogesterone, omwa kwa masiku 10 mpaka 14, kuti msambo ubwere masiku 90 asanadutse. Mapiritsi omwa moterewa sateteza ku mimba.

Metformin, mankhwala odziwika a shuga, amaperekedwanso kwa atsikana ena ngakhale alibe shuga, chifukwa amathandiza thupi kumvera insulin ndipo angathandize msambo. Amayambidwa pang'onopang'ono ndipo amamwedwa pamodzi ndi chakudya kuti asatsegule m'mimba. Spironolactone amachepetsa tsitsi ngati mapiritsi olera alephera patatha miyezi 6, koma amavulaza mwana wosabadwa, choncho saperekedwa popanda njira yodalirika yolera. Pa tsitsi limene lamera kale, kumeta ndi lezala laukhondo, lake lake, sikuchititsa kuti lichuluke kapena likhuthale, limangomveka lolimba chifukwa ladulidwa pakati. Kuzula kumasiya timabala takuda pakhungu la atsikana ambiri. Ziphuphu zisafinyidwe, nkhope isambidwe kawiri pa tsiku ndi sopo wofewa, ndipo mankhwala odzola a benzoyl peroxide amathandiza, pamene machubu a steroid ogulidwa pamsika amaoneka ngati athandiza sabata yoyamba kenako n'kuonjezera vuto.

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali ogulitsa tiyi ndi zitsamba amene amalonjeza kutsuka chiberekero ndi kusungunula ma cyst. Chiberekero sichifunika kutsukidwa, ndipo mankhwala osadziwika muyeso wake angawononge chiwindi ndi impso. Malangizo akuti mtsikana akwatiwe kapena abereke msanga kuti thupi litseguke ndi oipa kuposa pamenepo, popeza mimba sichiza PCOS.

Chakudya ndi kulimbitsa thupi

Palibe chakudya chapadera cha PCOS chimene chatsimikizika kuti chimaposa zina zonse, ndipo banja lisagule zinthu zodula za m'masitolo poganiza kuti ndi mankhwala. Magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa ndi okwanira. Chofunika kusintha ndi kagawidwe ka m'mbale: ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru ndi therere zichuluke, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, usipa kapena dzira zikhalepo, ndipo nsima ichepe, mwina mitanda iwiri pamene panali itatu. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Shuga wambiri amalowa kudzera m'zakumwa, monga tiyi wa masipuni anayi, thobwa lotsekemera kwambiri ndi zakumwa za m'mabotolo, ndipo kuchepetsa zimenezi n'kosavuta kusiyana ndi kusiya nsima. Mtsikana wa kusukulu yogonera komweko sasankha za m'khitchini, koma angasankhe chochita ndi ndalama ya m'thumba, ndipo mtedza, nthochi ndi magwafa zimamuthandiza kuposa mandasi ndi tchipisi za tsiku lililonse.

Kusinthaku kukhale kwa banja lonse. Kumuphikira mwana mmodzi mbale yakeyake, ena akudya zonona iye akuyang'ana, ndiponso kumutchula mayina onena za thupi lake, kumabala kudya mobisa kapena kudzimana koopsa, ndipo atsikana a PCOS ali kale pa chiopsezo chachikulu cha matenda a kadyedwe. Mtsikana amene akukulabe asauzidwe kudumpha chakudya. Kwa ambiri cholinga choyamba ndi kuti sikelo isapitirire kukwera, ndipo kwa amene ndi wonenepa kwambiri, kutsika pang'ono chabe nthawi zambiri kumathandiza kuti msambo uyambe kubwera. Achinyamata amalangizidwa kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku, ndipo mpira wamanja, jingo, fulaye, kuvina, kupalasa njinga ndi kuyenda mofulumira popita kusukulu zonse zimawerengedwa. Zimathandiza thupi kumvera insulin ngakhale sikelo isanasunthe. Tulo ta maola 8 mpaka 10 n'tofunikanso, ndipo kusukulu zimene ana amadzutsidwa usiku kuti awerenge, imeneyi ndi nkhani yoyenera kuikambirana ndi a matroni.

Maganizo ake ndi zaka zakutsogolo

Kukhumudwa ndi nkhawa zimapezeka kwambiri mwa atsikana a PCOS kuposa anzawo, ndipo n'zosadabwitsa kwa mwana amene akusekedwa za ndevu m'kalasi, kunyumba akukayikiridwa za mimba. Mukaona kuti wasiya kucheza, akukana kupita kusukulu, sakugona, kapena akulankhula zofuna kudzipha, muuzeni dokotala monga mmene mungamuuzire za magazi, ndipo ngati watchula za kudzipha musamusiye yekha. Nkhani ya thupi lake isakhale yokambidwa pa chitsime kapena pa gulu la WhatsApp la achibale.

Funso limene atsikana ambiri amaopa kufunsa ndi lakuti adzabereka kapena ayi. Auzeni zoona, kuti amayi ambiri a PCOS amabereka, ena popanda chithandizo chilichonse, ena mothandizidwa ndi mapiritsi okhwimitsa dzira monga letrozole kapena clomiphene nthawi yake ikadzakwana. Auzeninso mbali inayo, kuti dzira lingatuluke mwezi uliwonse mosayembekezereka, choncho mtsikana amene sasamba kawirikawiri angatenge mimba ngati wina aliyense, ndipo mapiritsi olera sateteza ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana.

Amene wapezeka ndi PCOS aziyezetsa BP chaka chilichonse, ndi shuga pakatha chaka chimodzi mpaka zitatu malinga ndi mmene dokotala waonera chiopsezo chake, ndipo akadzakhala ndi pakati adzanene pa sikelo yoyamba kuti ayezedwe shuga msanga. Amene anauzidwa kuti akungoganiziridwa abwererenso kukaunikidwa pomafika zaka 8 chiyambireni kusamba, kapena msanga ngati zizindikiro zawonjezeka. Pemphani kuti chaka chimene anayamba kusamba, zotsatira za magazi ndi mankhwala amene walandira zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, chifukwa dokotala amene adzamuone ali ndi zaka 20 kapena 21 sadzakhala yemwe wamuona lero.